Ndapita kukaphunzitsa Chizungu ku Thailand

Lachinayi, 8 Meyi 2025, eyapoti ya Kamuzu

Chikwama chachikulu chalowa kale, ndatsala ndi kam'manja ndi pasipoti yomwe ndikungoigwiragwira kuopa kuti mwina yagwa. Amayi andiperekeza limodzi ndi mwana wanga, ali Sitandade 3, achimwene ndi amene anatinyamula pa galimoto ya mnzawo, mafuta anachita kugula a m'zigubu poti mizere ya pomwetsera mafuta mukuidziwa nokha.

Chimvereni pa wailesi mu Malichi kuti chivomerezi cha ku Myanmar chagwetsa chinyumba chosanja ku Bangkok, amayi sanagonepo tulo tabwino. Ndawauza kambirimbiri kuti amayi, ine ku Bangkok ndingodutsako, ntchito ili ku Khon Kaen, makilomita pafupifupi 450 kumpoto chakum'mawa, iwo amvekere, "iwe, makilomita akowo ine sindiwadziwa, chimene ndikudziwa n'choti ukadwala sindingakwere minibasi kudzakuona." Pamenepo ndinangoti chete.

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti ntchito ya boma ukuisiyiranji. Zaka 9 ndaphunzitsa Chizungu pa CDSS ina kwathu ku Dedza ndipo ntchitoyo ndimaikonda mpaka lero, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 malipiro amatha deti ya 10 isanakwane, kwinako ndi banki m'khonde basi, kubwereka apa kubweza apo. Mnzanga wa ku Zimbabwe yemwe ali kale kumeneko ndi amene anandionetsa njira, ndinachita kozi ya TEFL, ya kaphunzitsidwe ka Chizungu kwa anthu a zinenero zina, pa intaneti usiku ndi bandulo yotchipa ija, magetsi akazima ndimawerenga ndi tochi ya foni, kenako intavyu pa vidiyo, kenako mapepala a digiri kukadinditsa uku ndi uku mpaka nsapato kutha.

M'chikwama muli ufa woyera makilo 5, mthiko, zitenje zitatu, tiyi wa Chombe, kabotolo ka Nali ndi Baibulo. Mwana wanga wandifunsa kuti "amami mubwera pa Khirisimasi?" ndipo sindinafune kumunamiza, kumeneko pa Khirisimasi amaphunzira, holide yaikulu imayamba mu Malichi. Anawerenga miyezi ndi zala, zala zitakwana anangotsamira agogo ake.

Akuitana okwera. Ndilemba mawa.

Lachisanu, 9 Meyi, Bangkok

Ndafika abale. Ku Addis Ababa tinadikira mpaka cha pakati pa usiku, kenako maola pafupifupi 9 m'mwamba, sindinagone olo pang'ono, ndimangoyang'ana kandege kojambula kaja pa sikirini kakuwoloka nyanja. Eyapoti yake amalemba kuti Suvarnabhumi koma eni ake potchula amati Suwannaphum, phunziro langa loyamba limenelo, kuti kuno cholembedwa ndi chotchulidwa n'zosiyana. Kakhadi kolowera m'dziko, komwe angoyamba kudzaza pa foni pa 1 Meyi pomwepa, ndinadzaziratu ndili ku Lilongwe ndiye pa imigireshoni sipanavute, anaona viza, anajambula nkhope ndi zala, n'kudinda.

Kutentha. Chitseko cha eyapoti chitangotseguka ndinamva ngati munthu wandifunditsa bulangete lonyowa, ku Nsanje mu Okutobala kumatentha inde koma kumakhala kouma, kuno ndiye thukuta silichoka pa thupi, ine wa ku Dedza wozolowera juzi ndaona zakuda.

Ndagula madzi ndi simu khadi, pa lisiti la mu golosale ya 7-Eleven alembapo chaka cha 2568, ndinayamba ndaganiza kuti makina awonongeka, kenako ndinakumbukira kuti kuno amawerenga zaka za Chibuda, amaonjezera 543 pa zathuzi. Galimoto zikuyenda kumanzere ngati kwathu, kameneko kanandikhazikako mtima pansi. Nthawi ali patsogolo ndi maola 5, ndiye pamene ine ndimafuna kugona kwathu n'kuti mwana akusewera panja dzuwa lisanalowe. Ndaimba, amayi funso loyamba, "wadya?" Ndinawauza kuti eya. Ndinali nditadya mabisiketi.

Loweruka, 10 Meyi, pa basi mpaka Khon Kaen

Depoti yake ndi ya Mo Chit, yaikulu ngati tauni payokha. Basi inanyamuka pa nthawi yolembedwa pa tikiti, yosadikira kudzaza, aliyense mpando wake, ndipo mtsikana wa yunifomu anatigawira madzi ndi kakeke. Maola 6 ndi kanthu pa msewu wa Mittraphap, kudutsa ku Nakhon Ratchasima komwe anthu amangoti Korat. Titakwera zitunda n'kusiya chigwa cha Bangkok ndinadzidzimuka, dothi lofiira, minda ya chinangwa, nzimbe, mitengo ya mango, nthochi kuseri kwa nyumba, ukanati uli chakunyanja kwathu, chosiyana ndi njati zoweta zija zili phee m'matope ndi denga la kachisi lonyezimira golide pakapita kamtunda. Chigawo chimenechi amati Isan.

Pa depoti anadzandichingamira mayi amene amayang'anira dipatimenti ya Chizungu, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi mwina. Sanandipatse mkono, anaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, amati wai, ine thupi linangochita zakwathu, kunyonyomala pang'ono uku ndikuwomba m'manja, tonse tinamwetulira poona kuti ulemu wamveka. Andiuza kuti ndiziwatchula phi, kutanthauza mkulu wako, ndiye mumtima ine ndangoti achemwali basi.

Chipinda chili pa nsanjika yachitatu, bedi, wadiropu, fani, bafa ndi kakhonde koyanikapo zovala. Ndinazungulira kawiri kufuna khitchini, kulibe. Ndinafunsa achemwali aja kuti nanga ndiziphikira pati, iwo anadabwa kuti ndikufuna kuphika chifukwa chiyani chakudya chili ponseponse mumsewu, cha 50 baht, ndalama ya kuno, ukhuta. Ufa wanga uli pa kona apo ukundiyang'ana.

Lamulungu, 11 Meyi

Kutchalitchi sindinapite, sindikudziwa kumene kuli, ndinangowerenga Salimo 121 pa bedi. Lero kuno ndi tsiku lalikulu, Visakha Bucha, lokumbukira kubadwa, kuunikiridwa ndi kumwalira kwa Buddha, mowa sagulitsa m'masitolo tsiku lonse. Madzulo achemwali ananditengera ku kachisi wa Chibuda wa Wat Nong Wang pafupi ndi nyanja yaing'ono ya m'tauni muno, Bueng Kaen Nakhon. Nsanja yake ili ndi zipinda zosanjikana 9, yofiira ndi golide. Nsapato timavula. Mdima utagwa anthu anayatsa makandulo, aliyense kandulo, tindodo ta lubani ndi duwa m'manja, n'kuyamba kuzungulira katatu mwakachetechete, agogo, ana, anyamata a njinga zamoto, onse. Ine ndinaima pambali poti chipembedzo si changa, ndipo palibe anandikakamiza kapena kundiyang'ana moipa. Gogo wina kandulo yake inazima ndi mphepo, anaima pafupi nane akuvutika ndi machesi manja akunjenjemera, ndinamutchingira mphepo ndi manja anga mpaka inayaka. Ananena mawu amene sindinamve n'kundigwira pa mkono. Ndinakumbuka agogo anga pa mapemphero a usiku wa Pasaka, misozi inalengeza.

Lolemba, 12 Meyi

Holide lero. Ndinapita kumsika ndekha, ndipo abale ndikuuzeni, ndapeza nkhwani! Nsonga za maungu zenizeni zomangidwa timitolo, therere lobala, mabilinganya, tomato, ndi masamba ena amene amafanana ndi kholowa. Kutsogolo pang'ono mayi wina akugulitsa ziwala ndi nkhululu zokazinga, zodzadza mabeseni. Anaona ndaima, anatola imodzi n'kundipatsa uku akuseka ndi anzake, akuganiza kuti ndithawa monga amachitira alendo ena. Ndinathothola miyendo n'kuponya mkamwa, ndinapemphanso ina. Msika wonse wa mbali imeneyo unaombera m'manja. Ndinafuna kuwafotokozera za ngumbi za mvula yoyamba koma mawu ndilibe, ndinangokupiza manja ngati mapiko, iwo anagwedeza mitu ngati amva.

Ndagula kachitofu ka magetsi ndi poto mmodzi. Nsima yoyamba ya ku Thailand ndaphikira pa khonde, ndiwo nkhwani wopanda nsinjiro ndi mazira. Ndadya nditakhala pansi, fani ikuwomba, ndatumiza chithunzi kwa amayi, ayankha kuti "yamadzi imeneyo, thira ufa."

Lachiwiri, 13 Meyi

Tsiku loyamba kusukulu, ana sanatsegulire, ndi la aphunzitsi okha. Sukulu ya boma ya sekondale, kuno amati Matthayom, makalasi 1 mpaka 6, ana ake kuyambira zaka 12 kapena 13. Aphunzitsi akunja tilipo asanu, atatu a ku Philippines, mzungu mmodzi, ndi ine. A ku Philippines aja andilandira ngati m'bale, andionetsa kogula choko ndi mamaka, andiuza kuti Lolemba anthu amakonda kuvala zachikasu, ndipo kuti mutu wa mwana usaugwire chisawawa, ndi phazi usalozere chinthu.

M'mawa wonse unathera pa mapepala a chilolezo cha ntchito, kuchipatala kukapimitsa magazi, kujambulitsa zithunzi, kusaina pa fotokope iliyonse mpaka dzanja kuwawa. Andiuzanso kuti masiku 90 aliwonse ndizikadziwitsa a imigireshoni kumene ndikukhala.

Koma chimene chandikhala pamtima ndi ichi. Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene kuno amawawerengera kuti Chizungu ndi chawo, ndiye ndiyenera kukalemba mayeso a TOEIC kutsimikiza kuti ndimachidziwa. Mayesowo sindikuwaopa. Chandipweteka ndi pamene mnzanga wa ku Philippines anandinong'oneza kuti ife tonse anayi malipiro athu ndi ochepa poyerekeza ndi a mzungu uja, yemwe wangoyamba kuphunzitsa chaka chatha. Mnyamatayo ndi waulemu ndithu, mlandu si wake, anandinyamulira mabuku mpaka ku ofesi. Koma ine ndalemba MSCE m'Chizungu, digiri m'Chizungu, ndakonzekeretsa ana a Fomu 4 mayeso zaka 9, ndipo pepala likuti ndine wachiwiri chifukwa cha kumene ndinabadwira. Ndinalowa kuchimbudzi n'kusamba kumaso. Ndinadziwa kale ndisananyamuke kuti zimenezi ziliko, koma kumva ndi kuona n'zosiyana.

Masana aphunzitsi a Chithai anatiitanira chakudya, anayala pa tebulo timadengu tating'ono toluka muli mpunga womata, khao niao, ndi som tam, papaya wosapsa wosinja mu kamtondo ndi tsabola ndi nsomba yovunditsa ya fungo lamphamvu. Ndinaona akutema mpunga ndi dzanja, kuukanda m'chikhatho mpaka mbamu yozungulira, n'kususa. Ndinasamba m'manja n'kuchita chimodzimodzi osaphunzitsidwa, achemwali anafunsa kuti ndani wakuonetsa, ndinati amayi anga, ndili ndi zaka ziwiri. Tsabola wake Nali achepa.

Lachisanu, 16 Meyi

Atsegulira. 8 koloko pa dontho ana onse pa bwalo, mbendera ikukwera, nyimbo ya fuko, kenako pemphero la Chibuda. A hedi anandiitana kutsogolo kuti ndipereke moni pa maikolofoni, maso onse aja pa ine, ndinamva kung'ung'udza kukuyenda m'mizere ngati mphepo m'chimanga. Ndinavala diresi ya chitenje dala.

Kalasi yoyamba Matthayom 1, nsapato zonse zandandalikidwa panja, ana ali ndi masokosi okha, opitirira 40. Kwa ine amene ndachokera kwa ana 90 kalasi imodzi ena atakhala pa mawindo, awa ndi ochepa. Nditangolowa mmodzi anakuwa, onse anaimirira, "Good morning teacher, how are you", ndinayankha, iwo limodzi "I am fine thank you and you", kayimbidwe kake kofanana ndendende ndi ka ana a kwathu aja akamati good morning madam, mpaka tsitsi linandiimirira. Koma zitatha zimenezo, basi. Ndinafunsa mtsikana wa kutsogolo dzina lake, anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana desiki. Ndinafunsa wina, zii. Mphindi 50 ndinalankhula ndekha.

Maina awo enieni ndi aatali zedi koma aliyense ali ndi lachidule, ena ake ndi mawu a Chizungu ngati Ice, Bank, Golf, ndiye kaundula ndikulemba awiriawiri.

Chakumapeto dzanja limodzi linakwera, "Teacher, Africa?" Ndinati eya, Malawi. Wina anati Malaysia, wina Mali, wina Hawaii. Ndinajambula mapu a Africa pa bolodi n'kuikapo kadziko kathu kowonda ndi nyanja yake, ndinawaonetsa chithunzi cha ku Cape Maclear pa foni, onse anasiya mipando kudzaunjikana, "ooooh". Kamtsikana kena kanapempha ndi manja kuti kagwire tsitsi langa loluka, ndinawerama, kanagwira ndi chala chimodzi mosamala ngati dzira. Sindinakhumudwe nako, ana a kumudzi kwathu amachita chimodzimodzi akaona mzungu, bola kanapempha.

Pali kamnyamata kena kumbuyo kwenikweni pafupi ndi windo, kamene sikanadzuke kudzaona chithunzi. Kanangozyolika tsiku lonse.

Lachitatu, 21 Meyi

Lero lokha zandikanika. Matthayom 3 ya masana, phokoso, mafoni pansi pa madesiki, ndikalankhula akuseka katchulidwe kanga, mmodzi anati "teacher speak no same YouTube." Ndinakweza mawu, ndipo kuno mphunzitsi akakalipa pagulu ana amangotsekeka, nkhope zonse zinauma, achemwali anandiuza pambuyo pake mofatsa kuti kuno munthu wokwiya poyera ndi amene amachita manyazi. Pobwerera mvula inandipeza ndikutsika songthaew, kagalimoto ka mabenchi awiri kumbuyo kamene ndi minibasi ya kuno, ndinafika chonyowa. Ndinaimba kunyumba, mwana wachoka dzino lakutsogolo, akundionetsa mpata pa vidiyo, netiweki inaduka ali pakati pofotokoza. Ndinalira mpaka kugona osadya.

Lachisanu, 23 Meyi

Dzulo usiku ndimachonga timapepala ta ana ndiye ndinaona kanthu. Wina walemba "lice" pofuna kunena mpunga, wina "flied". Ndinaseka ndekha osati mowanyoza ayi, koma poti ndi matenda athu omwe aja, l ndi r, ana anga a ku Dedza amalemba "play" pofuna "pray" chaka ndi chaka, inenso lilime limeneli ndinachita kuliwongola ndili wamkulu kale. A kuno polankhula nawonso r amamusandutsa l, chokoma amati aroi koma mumsewu umamva aloi. Kusiyana kwake n'koti ife timaonjezera mawu kumapeto, buku, sukulu, basi, pomwe iwo amadula, "rice" amathera pa "rai". Ndinakhala pa bedi ndikuganiza kuti mzungu uja, ndi ulemu wake wonse, sakudziwa mmene pakamwa pamaumira ukamafuna kutulutsa liwu la eni ake anzako 40 akukumvetsera. Ine ndikudziwa.

Ndiye lero Matthayom 1 ndinatseka buku. Ndinapempha achemwali akhale nane kuti azimasulira, ndinawauza ana aja nkhani yanga. Kuti kwathu Chizungu sitiyamwira, ine ndinakula ndi Chichewa, nditafika Sitandade 5 maphunziro onse anasanduka a m'Chizungu ndipo chaka chonse ndimangokopera za pa bolodi osamva kanthu. Kuti ku sekondale kwathu ukapezeka ukulankhula Chichewa amakulemba dzina, Lachisanu ukatchetche udzu ndi chikwakwa, ndiye ine pofuna kupewa chibalo ndinasankha kusalankhula n'komwe, temu yonse duu ngati wosalankhula. Kalasi inali zii koma zii wake wosiyana ndi wa sabata yatha.

Kenako ndinati lero inu ndinu aphunzitsi, ndiphunzitseni Chithai. Analemba liwu lakuti maa, ukalitchula mosakweza ndi kubwera, ukalikweza ndi hatchi, ukalitsitsa n'kulikwezanso ndi galu, mamvekedwe alipo 5 m'chinenero chawo. Ndinayesa, ndinalakwitsa, anaseka mpaka kumenya madesiki, ndinayesanso, kachitatu ndinakhoza, anaombera m'manja. Ndinawauza kuti nafenso tili nazo, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma khutu la Mchewa limasiyanitsa. Ndinawaphunzitsa muli bwanji, ndili bwino kaya inu, anavutika ndi bw uja, ndinawauza kuti mwaonatu, tonse lilime limapindika, palibe wafa. Titabwerera ku Chizungu manja 11 anakwera, ndinawerenga. Kamnyamata ka pa windo sikanakweze koma kanadzutsa mutu, ndipo ndinaona milomo yake ikuyeserera bwanji, bwanji.

Achemwali potuluka anandiuza kuti kameneko kamakhala ndi agogo ake kumudzi kunja kwa tauni, makolo ali ku Bangkok ku ntchito, amabwera pa Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Chithai, mu Epulo, ndipo ana otere ku Isan ndi ambiri. Ndinangoti oho. Ndinaganiza za wanga wa dzino lochoka uja.

Loweruka, 24 Meyi

Kuchapa, kugona, kuwerenga za TOEIC. Madzulo ndinayenda m'mbali mwa nyanja ija, pali ziboliboli za madayinoso, tauni ino imanyadira mafupa amene anakumba ku Phu Wiang m'chigawo chomwechino. Lolemba ndikawaonetsa ana Malawisaurus wathu wa ku miyuziyamu ya ku Karonga, aone kuti nafenso tili naye.

Lachisanu, 30 Meyi

Malipiro oyamba alowa, a theka la mwezi. Ndachotsa ya lendi ndi magetsi, ndasunga ya basi ya ku Bangkok kokalemba mayeso, yotsala ndatumiza. Amayi aimba kuti alandira, abweza ya banki m'khonde, agulira mwana nsapato za kusukulu ndi juzi poti kwayamba kuzizira, ndipo akuti ina asunga ya feteleza asanakwere mtengo. Mawu awo anali opepuka, ndinali ndisanawamve choncho chaka chino. Kenako anati "koma iwe wawonda, ukudya?" Ufa watsala mwina makilo awiri, ndikuphika Lamulungu lokha kuti ufike patali.

Matthayom 3 ija tayamba kumvana pang'ono. Ndinawapepesa chifukwa chokalipa, anadabwa kwambiri, ndipo mnyamata wa YouTube uja ndinamupatsa ntchito yobweretsa liwu limodzi latsopano tsiku lililonse kuchokera m'mavidiyo akewo. Dzulo anabweretsa atatu.

Lachinayi, 12 Juni

Wai Khru lero, tsiku lolemekeza aphunzitsi, limachitika Lachinayi kumayambiriro kwa chaka cha sukulu. Dzulo masana ana sanaphunzire, kalasi iliyonse imakonza mbale yake ya maluwa, atakhala pansi m'makonde akupinda masamba a nthochi ndi kubaya timaluwa ndi mapini.

M'holo aphunzitsi tinakhala pa mipando kutsogolo, ine ndinafuna kukhala kumapeto koma achemwali anandikoka kuti ndikhale pakati pa anzanga. Ana anayimba pemphero lalitali limodzi, kenako anayamba kubwera mizeremizere akuyenda ndi maondo, kufika pamapazi pathu n'kuwerama mpaka chipumi pansi. Zaka 9 ndaphunzitsa, ana anga ambiri amandikonda ndikudziwa, ena amandibweretsera mbatata ndi nthochi, koma zoterezi sindinazionepo, manja anga amanjenjemera.

Mu timitolo ta maluwa muja amaikamo zinthu zinayi ndipo achemwali amandinong'oneza tanthauzo lake. Duwa lofiira losongoka ngati singano, kuti nzeru zikhale zakuthwa. Duwa la mabilinganya poti limaweramira pansi, kudzichepetsa. Mpunga wokazinga wothetheka ngati mbuliwuli, mwambo. Chachinayi ndinachizindikira asananene, kapinga, kapinga weniweni amene amayi amalimbana naye ndi khasu kudimba chaka chilichonse, akuti poti ngakhale umuponde kapena dzuwa limuwambe mvula ikangogwa amaphukanso.

Mwambo utatha ana amapita okha kwa mphunzitsi amene akufuna. Ndikutolera chikwama ndinaona kamnyamata ka pa windo kaima patali, anzake akukakankha. Kanabwera, kanagwada, kanandipatsa kamtolo kakang'ono kokulungidwa ndi tsamba la nthochi, kapinga ndi duwa limodzi lofiira, kandulo ndi lubani, zomangidwa ndi labala. Kanapuma kaye, kenako pang'onopang'ono, "Teacher, my mother work far. Same you." Ndinakayankha kuti yes, same, ndipo kuti chiganizo chako ndachimva chonse. Kanati "zikomo", ndinali nditawaphunzitsa sabata yatha, n'kuthawa.

Kamtolo kaja ndakaika mu kapu ya madzi pa khonde pafupi ndi chitofu. Ndadikira kuti kwathu ikwane 12 koloko mwana aweruke, ndaimba, ndawaonetsa pa vidiyo. Amayi anayandikitsa nkhope pa foni, "iwe, ameneyo si kapinga? Akupatsa kapinga?" Mwana akukuwa kumbuyo kuti naye aone, dzino latsopano layamba kutuluka. Mawa madzulo ndikwera basi ya ku Bangkok, mayeso ndi Loweruka m'mawa, mapensulo ndi pasipoti ndaika kale m'chikwama.